Bokosi la Abambo Labwerera ku Chinsapo

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Ine kuno ndilipo, kungoti miyendo yayamba kutupa ngati mmene inkachitira yanu, ndipo maso nawo andithawa. Tsopano ndimavala magalasi. Mukanandiona mukanaseka mpaka kutsokomola, chifukwa ndimaoneka ngati mlembi wa kukhoti, chonsecho ndikugulitsabe tomato ndi usipa pabenchi lomwe lija pamsika wa Chinsapo. Dzinja lino ndi lachitatu chikuikireni m'manda ku Ntcheu. Ndakhala ndikufuna kukulemberani, koma ndinkati ndidikire kaye ndipeze nkhani yabwino. Ndaona kuti ndikadikira imeneyo sindidzalemba.

Ndiyambe ndi zimene mungakondwere nazo. Tadala, mdzukulu wanu uja munkati sadzakwatiwa chifukwa chodzuka dzuwa litakwera, anakwatiwa ndithu, ndipo mwezi wa Malichi anachira. Ndi mwana wamkazi. Tamutcha Enelesi, dzina lanu. Watengera mphuno yanu, ndipo akamalira amakunga nkhonya ngati inu pokangana ndi ogulitsa makala. Mlongo wake wa Tadala, Chikondi, ndi kondakitala pa minibasi za ku Area 25. Amabwera mawu atasasa, koma mowa waleka, kapena wangophunzira kubisa. Sindimufunsa.

Munda uja tinkabwereka ku Njewa tikulimabe. Chaka chimene munapita kunagwa njala, tinadya gaga ngati nkhumba, ndipo ndinkati mumtima bola inu munapumula musanazione. Chaka chatha tinapeza kuponi imodzi ya feteleza nditaima pamzere masiku awiri, ndiye tinakololako matumba angapo, anankafumbwe nawo anatengapo gawo lawo. Mwini munda akuti akufuna kugulitsa malowo kwa anthu omanga nyumba, ndiye mwina uku n'kulima komaliza. Khoma la kukhitchini linagwa ndi mvula, tatchinga ndi malata akale. Denga la kuchipinda kwanu likudontha malo atatu, ndimatchera mabeseni.

Koma zonsezi ndikungozungulira, Amayi. Ndalemba kalatayi chifukwa cha bokosi la Abambo. Ndalakwa, ndipo palibe munthu wina amene angamvetse kukula kwa kulakwa kwangako koma inu.

Mukulikumbukira bokosi lachitsulo lija Abambo anabwera nalo kuchokera ku nkhondo ya ku Burma. Munalisamala kuposa mmene munkasamalira thupi lanu. Kuchokera ku Ntcheu kupita ku Kawale, kuchokera ku Kawale kubwera kwa ine kuno Abambo atamwalira, nthawi zonse linkakhala pa njerwa zinayi, ndipo pambuyo pake munayamba kulifunditsa kansalu koluka, pamwamba pake wailesi. Mkati mwake munali jekete la khaki, chipewa chofiira cha mphonje yakuda, lamba wachikopa, kapu yachitsulo yotiwizika mbali imodzi, ndi mamendulo anayi. Abambo ankalitsegula kamodzi pachaka, mwezi wa Novembala. Ankavala zonsezo n'kukhala pakhonde okha, osalankhula ndi munthu, kenaka n'kuvula, kupinda, n'kunyamula chibonga chawo kupita ku ulonda wawo ku sitolo ya Mmwenye. Ife ana tinkasuzumira kuseri kwa nyumba n'kumaseka. Tikawafunsa za nkhondo ankangoti, "Kunali mvula ndi misundu." Basi, nkhani yathera pomwepo.

Sabata yanu yomaliza munandigwira dzanja n'kundiuza kuti bokosilo ndisadzaliike pansi, ndiponso achimwene a Fanuelo asadzaligwire. Munkamudziwa mwana wanu. Maliro anu asanazizire n'komwe anali atayamba kale kunena kuti kutauni kuli anyamata ogulitsa ziboliboli kwa azungu amene amagula mamendulo otere. Ndinawakaniza. Mpaka lero akabwera kuchokera ku Area 36 amakhala pampando woyang'anizana nalo, maso awo ali pomwepo ngati mphaka pa usipa.

Mwezi wa Ogasiti ndinamva pawailesi kuti anthu a ku nyumba yosungiramo zinthu zakale abwera ku Lilongwe kudzasonkhanitsa katundu wa asilikali amene anamenya nkhondo zija. Anati katunduyo akamuika m'magalasi, pambali pake n'kulemba dzina la msilikaliyo ndi mudzi wake, kuti ana a sukulu azidzaona. Amayi, ndinasiya tomato ali pabenchi n'kubwera kunyumba ndikuthamanga ndi miyendo yangayi. Ndinati Mulungu wandimvera. Ine ndikudwaladwala, nyumba ikudontha, ana anga bokosilo amangoliti chibokosi cha agogo. Ndinkadziwa kuti tsiku limene ndidzatseke maso lidzasanduka mosungiramo chimanga, kapena adzalidula n'kupangira mbaula. Koma likakalowa kumeneko, dzina la Abambo likhala, ngakhale tonse titatha. Ndinaganiza kuti munthu amene anatha moyo wake akulondera katundu wa ena, nayenso wake apeza womulondera.

Nditachotsa kansalu kaja ndinachita manyazi. Chinyontho cha nyumba ino chinali chitalidya. Dzimbiri linali paliponse, chivundikiro chitachita mathothomathotho, fungo lake ngati la m'nkhokwe yakale. Ndipo ndinamva mawu anu m'khutu: "Umphawi si uve." Si inu munatiphunzitsa kuti kwa anthu supita ndi chinthu chakuda? Si inu munkakwecha mapoto ndi mchenga mpaka munthu n'kudziona nkhope, ngakhale mulibe choti muphikemo? Ndinati Abambo anga sakaonekera pamaso pa anthu a boma ali ngati otoledwa kudzala.

Ndiye ndinagwira ntchito, Amayi, ntchito imene mukanandiyamikira. Jekete ndinalichapa ndi sopo, kolala yake inatsala m'manja mwanga, ndinaisokerera. Mamendulo ndinawakwecha ndi phulusa ndi mandimu mpaka anang'anima. Timaliboni take tinali titafumbwa, ndiye ndinatitaya n'kumangirira tatsopano totsala pa ukwati wa Tadala. Bokosilo ndinalinyamula pamutu kupita nalo kwa a Mbewe, aja okhoma zidebe kuseri kwa msika, kuti alipale dzimbiri n'kulipaka penti.

Kulakwa kwanga kuli apa. A Mbewe atayamba kupala anaima n'kundiitana. Anandionetsa pachivundikiro, pamene panali malemba ndi manambala oyera aja, ofufutika theka, ena atadyedwa ndi dzimbiri. Anandifunsa kuti, "Mayi, nanga awa tiwasiye?" Ine ndi nzeru zanga zonse ndinati, "Palani, tilembapo ena abwino." Sindinawakopere ngakhale pakapepala. Ndinaimirira pomwepo n'kumawauza kuti apa simunapalitse, apa bwerezani, mpaka chitsulo chinayera mbee. Anapaka penti wabuluu kawiri. Kenaka ndinaitana munthu wolemba zikwangwani za ma saluni, ndipo analemba ndi zilembo zazikulu zoyera, zopindika bwino: ELIYA NGOZO. Anthu pamsika ankaima n'kumalisirira. Ine ndinanyada, Amayi, sindikubisirani.

Tsiku lopereka katundu ndinavala chitenje changa cha ku tchalitchi. Chikondi anandikwezera bokosilo mu minibasi, ndinakatsika kutauni, n'kukapeza holo imene ananena. Anthu sitinali ambiri. Patsogolo panga panali agogo ena a ku Mgona, opanda nsapato, atanyamula kabokosi kadzimbiri konunkha makoswe ndi kabuku kong'ambikang'ambika m'pepala la shuga. Ndinawamvera chisoni. Ndinati mumtima, anthu ena alibe ana owauza zochita. Koma bambo wolandira katunduyo, munthu wa imvi wolankhula mofatsa, anaimirira n'kulandira kabokosiko ndi manja awiri. Anawerenga nambala pachivundikiro, anatsegula kabuku, anayang'ana m'mabuku ake aakulu, n'kuwauza agogowo dzina la amuna awo, mudzi wawo, ndi kumene anakamenya nkhondo. Agogowo analira. Ine ndinakonza mpango wanga, kudikira kuti aone changa.

Nditaika bokosi lathu patebulo, bamboyo analiyang'anitsitsa. Anasisita chivundikirocho ndi zala, analipendeketsa cha kuwindo kuti mwina aone kanthu pansi pa penti. Kenaka anati, "Mayi, nambala ya bambo anu inali apa. Anapala ndani?"

Ndinati, "Ndine."

Sanandikalipire, ndipo mwina bola akanandikalipira. Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana. Anati mamendulo amenewa anapatsidwa kwa asilikali ambirimbiri, ndipo sanalembedwe dzina la munthu. Ena amachita kugula pamsika n'kubwera nawo kudzati ndi a agogo awo. Chimene chimamangirira katundu kwa mwini wake ndi nambala, ndipo popanda nambala iwo sangalembe dzina la munthu pagalasi. Ataona maliboni a ukwati aja anangotsinzina. Komabe anati tiyese dzina. Anafunafuna Eliya Ngozo m'mabuku ake onse, tsamba ndi tsamba, ine nditaima. Sanamupeze. Anati Ngozo ndi mfunda, ndipo alembi a nthawi imeneyo kawirikawiri sankalemba mfunda, ankalemba dzina limene mnyamata watchula pakhomo, ndi la bambo wake kapena la malume ake. Anandifunsa ngati Abambo anabatizidwa asanapite ku nkhondo kapena atabwerako. Ndinati atabwerako. Anati ndiye kuti Eliya ndi dzina la ubatizo, nanga asanabatizidwe ankatchedwa ndani?

Amayi, ndinamuuza kuti sindikudziwa. Ndine mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu, ndili ndi mdzukulu, ndipo dzina la bambo wondibereka sindilidziwa. Ndikanalimva kuti? Inu moyo wanu wonse simunalitchulepo. Munkati a Ngozo, munkati eni nyumba, mukakwiya munkati bambo a Fanuelo. Mkazi wa mwambo satchula dzina la mwamuna wake, ndipo mwana wa mwambo safunsa. Ndikukumbukira tsiku limodzi lokha, ndili mu Sitandade 4, pamene ndinawafunsa Abambo dzina lawo laubwana. Inu munandiponyera chipande, iwo anaseka n'kunena kuti dzina limenelo linatsala m'madzi a ubatizo. Sindinafunsenso. Munkakonda kutiuza kuti safunsa anadya phula, koma inu nomwe munatiphunzitsa kusafunsa, ndipo phulalo ndadya ndine.

Bamboyo anandifunsanso ngati panalibe kabuku, kofanana ndi ka agogo aja, kamene msilikali aliyense ankapatsidwa pomutulutsa. Anati mmenemo muli zonse, dzina ndi nambala yomwe. Nditangokaona bwino ka agogowo patebulo, ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Ndinakazindikira. Ndi chikuto chomwecho, chofiirira, chimene ndinkachiona m'kaphukusi kanu kaja.

Mukukadziwa kaphukusi kamene ndikunena, ka mpango wobiriwira, kamene munkagonera kumutu. Munkasungamo khadi lanu la ku tchalitchi, ndolo za amayi anu, ndi kabuku kameneko. Sitinkaloledwa kukamasula. Tsiku la maliro anu, amayi osambitsa mtembo anakapeza pansi pa pilo. Anati chinthu chimene munthu wagonera zaka zonsezi sichitsala, apite nacho, apo ayi azidzabwera kudzachifunsa. Palibe anatsutsa. Ndinakatenga ndi manja angawa, osakamasula chifukwa cha ulemu, n'kukuikirani kumutu tisanatseke. Ndinkaona ngati ndikukuchitirani chifundo chomaliza. Ndiye kabukuko muli nako inu, Amayi, pansi pa mtengo wa msuku kumanda a kwathu.

Bamboyo anandipatsa masabata awiri kuti ndikafunse kwathu, bokosilo n'kutsala kwa iye. Ndinasiyira Tadala benchi n'kukwera basi ya ku Ntcheu. Ku tchalitchi cha kumudzi anandiuza kuti mabuku akale a ubatizo anadyedwa ndi chiswe kalekale denga litasasuka. Akuluakulu a msinkhu wa Abambo onse ali kumeneko ndi inu. Watsala mmodzi yekha, azakhali a Nangozo, mlongo wawo wamng'ono uja. Ali moyo, koma mutu unapita. Ndinawapeza atakhala pamphasa akusankha nyemba zimene panalibe. Atandiona anandiyesa inu. Anandigwira masaya n'kundifunsa ngati achimwene abwerako ku nkhondo, chifukwa akuti sitima yachedwa.

Ndinakhala nawo masiku atatu. Ndinawasambitsa, ndinawaphikira phala, ndinawayankha ngati ndine inu. Tsiku lachitatu ndinaona kuti maso awo ayera pang'ono, ndiye ndinagwada pafupi n'kuwafunsa mofatsa kuti achimwene awowo, popita ku nkhondo, dzina lawo linali ndani. Anandiyang'ana. Ndinaona ndithu kuti akulidziwa, linali pamilomo pawo. Kenaka anagwira pakamwa ndi dzanja, n'kunena mokalipa kuti, "Iwe, wakulira kuti? Dzina la achimwene amatchula?" Anatembenukira kukhoma, ndipo sanandilankhulenso mpaka ndinachoka. Munthu waiwala ana ake, waiwala kuti mwamuna wake anamwalira, koma mwambo sanaiwale.

Ndisanakwere basi ndinapita kumanda kwanu. Ndinazula udzu, ndinasesa. Ndikuulula, Amayi, Mulungu andikhululukire, ndinaima pamenepo ndikuyeza ndi maso kuti kuchokera pamene ndaponda kufika pamene pali kaphukusiko ndi mikono ingati. Sizinali kutali. Ndinachita mantha ndi maganizo angawo, ndinathawapo osapemphera n'komwe.

Nditabwerera ku holo kuja ndinapeza akulongedza. Ndinayesa kukumbukira manambala aja, poti ndinakula ndikuwaona tsiku lililonse musanayambe kufunditsa kansalu. Ndikukumbukira kuti panali 4 ndi 7, koma sindikudziwa ngati anali koyamba kapena kumapeto. Ndinkawaona ngati mmene munthu amaonera nambala ya minibasi imene wakwera. Bamboyo anapukusa mutu. Anati malo ali nawo ochepa, ndipo sangatenge katundu amene sakudziwa mwini wake. Koma poona nkhope yanga anati chipewa chokha angathe kutenga, chifukwa zipewa zoterozo zatsala zochepa. Ndinafunsa kuti adzalembapo chiyani. Anati adzalemba kuti chipewa cha msilikali. Ndinati Abambo anga sanali msilikali chabe, anali munthu, ndipo ndinatseka bokosilo n'kulisenza. Anandithandiza kulikweza pamutu, n'kundipepesa ngati wolakwa ndi iyeyo.

Tsopano sindikudziwa ngati uko sikunali kulakwa kwachiwiri. Mvula yayamba. Sabata yatha ndinatsegula bokosilo ndipo ndinapeza njenjete zaboola chipewacho malo awiri, mphonje yayamba kuthothoka. Jekete lija chichapireni likungoyoyoka ndikaligwira. Mamendulo ayambanso kuda. Penti yekha ndiye akuwala, a Mbewe ntchito amaidziwa. Achimwene a Fanuelo atamva nkhani yonse sanandinyoze, anangoti popeza boma lakana, bwanji tsopano tigulitse zisanawonongeke. Ndinawathamangitsa, koma mawu anga analibe mphamvu ngati kale. Ndinayesa kuwauza Tadala ndi Chikondi za agogo awo, anamvetsera mwaulemu, Chikondi akusewera ndi foni yake yatsopano pansi pa tebulo. Sindingawadzudzule. Ndiwauza chiyani? Mvula ndi misundu?

Munkati madzi akatayika saoleka, ndipo munkanena mosavuta, mukupukuta pansi, ngati kuti ndi nkhani ya madzi basi. Ine ndikuona kuti ndataya Abambo kachiwiri. Koyamba anawatenga Mulungu, ndipo tinalira ndi anthu. Kachiwiri ndawapala ndekha ndi sandipepa, masanasana, anthu akundiyamikira, ndipo palibe wobwera kudzandikhuza. Agogo a ku Mgona aja, amene ndinkawaseka mumtima, amuna awo ali m'galasi ndi dzina lawo. Abambo anga ali pa njerwa zinayi ku Chinsapo, pansi pa denga lodontha, akudikira kuti ine ndife.

Nthawi zina ndimakukwiyirani, ndisaname. Mukanangondinong'oneza kamodzi kokha, ngakhale sabata yomaliza ija, mwambo ukanakudyani? Munandiuza za njerwa, munandiuza za Fanuelo, koma chinthu chokhacho chimene chinali chofunika munapita nacho. Kenaka ndimakumbukira kuti inu simunkadziwa kuwerenga. Kabukuko munakagonera zaka zonsezo osadziwa chimene kakunena, munkangodziwa kuti n'ka amuna anu. Ndipo ndimasiya kukwiya, ndimangolira.

Mukawaona Abambo, ngati kumeneko anthu amaonana, muwauze kuti sindinachite dala. Ndinkafuna kuti akaoneke bwino pamaso pa anthu. Muwauzenso kuti Enelesi wamng'ono wayamba kukwawa, ndipo amakonda kuimirira atagwira bokosi lawo, akumenya chivundikiro ndi tizikhatho take.

Ndikulonjezani ziwiri, Amayi, ndipo izi zokha ndingakwanitse. Bokosilo silidzakhudza pansi ine ndili moyo, ndipo a Fanuelo sadzaligwira. Za pambuyo pake sindingalonjeze. Chachiwiri n'chakuti ndamuuza kale Tadala, ndipo ndamubwereza katatu kuti asaiwale, kuti tsiku langa likadzafika akandiike pafupi ndi inu, ndipo adzandiikire magalasi anga kumutu. Kaphukusiko musakataye, mundisungire. Ndidzamasula ndekha, ndidzawerenga, ndipo ngakhale padzakhale palibenso womuuza, ndidzalitchula mokweza kamodzi kokha, inu mundiponyere chipande ngati mukufuna.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene munamuphunzitsa ukhondo,

Rute